ULENDO WA KU MIZINDA

Dziko la Mfumu Nyalugwe liri m'boma la Nyimba, m'cigwa ca mtsinje wa Luangwa ndi m'mapiri oyandikana naco. Kale dera lonseli linali m'boma la Petauke. Eni dziko ndi Ansenga, anthu olima cimanga, nsawa ndi thonje. M'miyezi ya October ndi November dzuwa la kumeneko liwawa koposa. Mitengo ya tsanya ikhala yopanda masamba, nyenje zilira usana wonse, ndipo timitsinje tiphwa, kotero kuti amai afukula mcenga pofuna madzi. Nyengo imeneyo anthu akatha kusosa m'minda akhala pamthunzi nayang'ana kumwamba, kulindira mvula.

M'mudzi wina wa dziko limeneli munali mnyamata wa zaka 14 amene anali asanaoloke Luangwa cibadwire. Iye ndiye anali mtsogoleri wa anyamata osewera mpira m'mudzimo. Mpira wao unali wokulunga ndi mapepala a pulasitiki ndi luzi, umene ana a m'matauni aucha cimpombwa, ndipo kawirikawiri unali kumasuka masewera ali pakati. Cifukwa ca ici anyamatawo anapangana kuti agule mpira weniweni wacikopa. Caka conse anagwira ganyu: ena anatola thonje, ena anaswa nsawa, ndipo ena anatungira madzi anthu oumba njerwa. Akulu amati pang'ono pang'ono ndi mtolo. Pofika November anyamatawo anali ndi K300.

Mnyamatayo anali ndi amalume ace okhala ku Petauke. Iwo anali ndi lole yaing'ono imene anali kunyamulira nsawa ndi nthoci kukagulitsa ku matauni. Tsiku lina anamlonjeza nati, "Ukalemba mayeso ako a Giredi 7 ndidzapita nawe ku Lusaka ndi ku Migodi. Ukaona mizinda, ukalawa zakudya za kumeneko, ndiponso ukaonera mpira wa akatswiri ku Kitwe."

Anzace atamva za ulendowu anakondwa kwambiri, nampatsa ndalama zonse zija kuti akagule mpira. Usiku womaliza amace anasokera ndalamazo m'kati mwa thumba la kabudula wace. Atatha kusoka anampatsa K20 pa dzanja nati, "Mwana wanga, izi ndi zako, ukacite nazo cimene ufuna. Koma zimene ndasokerazo ndi za eni. Usakazikhudze kufikira utaima pamaso pa wogulitsa mpira."

"Ndamva, amai," anayankha mnyamatayo.

PA MSEU WAUKULU

Laciwiri m'mamawa amalume anafika pa Kacholola, pamene njira ya kumudzi ikomana ndi mseu waukulu. Anali atapakira nsawa ku Petauke ndi nthoci ku Nyimba, pakuti Nyimba ndi malo ochuka ndi nthoci. Mnyamatayo anakwera kutsogolo, thumba lace pamiyendo, ndipo ulendo unayambika.

Mseu umenewu dzina lace ndi Great East Road. Ucokera ku Lusaka kupyola Nyimba, Katete ndi Chipata mpaka ku malire a dziko la Malawi. Kucokera ku Lusaka kukafika ku Chipata ndi mtunda wa makilomita ngati 570. Kale, magalimoto asanacuruke, amuna ambiri a kum'mawa anali kupita kukafuna nchito ku migodi ndi ku minda ya Azungu akuyenda pansi masabata, katundu ali pamutu. Agogo ace a mnyamatayo anayenda ulendo wotere ali wacinyamata. Amalume pofotokoza izi anati, "Mtunda umene agogo ako anauyenda ndi matuza kuphazi, iwe uuyenda uli khale pampando. Tsegula maso, usagone."

Kucokera pa Kacholola mseu ukhota-khota m'mapiri, kukwera ndi kutsika. Amalume anayendetsa lole mosamala, cifukwa pamalo otere woyendetsa waliwiro sacedwa kugwera kuphompho. Dzuwa litakwera anaona Luangwa pansi, madzi ocepa akuyenda pakati pa mcenga woyera. Mlatho wa pamenepo unatsegulidwa m'caka ca 1968. Uli ndi nsanamira zazitali, ndipo zingwe zacitsulo zocokera pamwamba pa nsanamirazo ndizo zigwira mseu. Pakati pa mlatho mnyamatayo anagwira mpando zolimba, ndipo amalume anaseka nati, "Tsopano wacoka m'cigawo ca kum'mawa, walowa m'cigawo ca Lusaka."

Kutsidya kwa mlatho kuli msika wa nsomba zouma, madengu, mphasa ndi zipewa zamlaza. Pamenepo anaima nadya nsima ndi nsomba yokazinga m'kanyumba kaudzu. Anasamba m'manja monga kwao, koma atatha kudya mnyamatayo anaona amalume akuturutsa ndalama. Anadabwa, popeza kumudzi mlendo salipira nsima. Amalume anati, "Kuyambira pano mpaka kubwerera, ciri conse nca ndalama: nsima, madzi akumwa, malo ogona, ngakhale cimbudzi."

Anapitirira pa Rufunsa ndi pa Chongwe. Madzulo anaona ndege ikutsika ca ku bwalo la Kenneth Kaunda, ndipo patsogolo pace nyali zosawerengeka zinayamba kuoneka ngati moto wolusa m'chire. Usiku umenewo anagona kwa acibale m'komboni ya Mtendere, kumene kukhala anthu ambiri a kum'mawa.

MU LUSAKA

Lusaka ndilo likulu la dziko la Zambia kuyambira m'caka ca 1935. Kale likulu linali ku Livingstone. Lacitatu kusanace anapita ku msika waukulu wa Soweto kukatsitsa nthoci. Kumeneko kunali phokoso logonthetsa m'khutu: malole, mawilibala, amai oitanira malonda, ndi anyamata osenza matumba akufuula kuti awapatse njira. Cinyanja ca kumeneko cinali cosakaniza ndi Cibemba ndi Cingerezi, kotero kuti mau ena anampita mnyamatayo. Cimene cinamdabwitsa koposa ndi ici: nthoci zimene ku Nyimba zigulidwa ndi mkoko wonse, kuno zinali kugulitsidwa zitatu-zitatu. Amalume anati, "Waona? Mzinda ulibe munda. Anthu onsewa adya za kwa ife."

Malonda atatha anayenda mu Cairo Road, mseu wa nyumba zazitali. Anapitanso mu Independence Avenue kukaona cifanizo ca ufulu, cimene cinaimikidwa m'caka ca 1974. Ndi cifanizo ca munthu wodula unyolo ndi manja ace, cokumbutsa kuti dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964. Pafupi naco pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene inatsegulidwa m'caka ca 1996. M'menemo mnyamatayo anaona makasu, mikondo, ng'oma ndi mitondo, zina zofanana ndi za m'nyumba ya agogo ace, koma zitaikidwa m'magalasi.

Masana amalume anapita naye ku Thornpark, kumene kuli malo odyerako amene anthu awacha matebeto. Mauwa ndi a Cibemba, ndipo anena phwando la zakudya zamitundumitundu. Pa thebulo panali ndiwo zoposa zimene mnyamatayo anazionapo pa ukwati uli wonse: nkhuku yacikuda, nsomba, kapenta, therere, nyemba, ndi ndiwo zamasamba zotendera, zimene Abemba azicha ifisashi. Panalinso cikanda, cimene aciphika ndi timizu ta m'madambo, nsinjiro, soda ndi tsabola, nicilimba ngati nyama. Mnyamatayo anadya mpaka thukuta kamukamu. Atakhuta anati, "Amalume, zakudyazi nzokoma, koma nsinjiro zace nza nsawa zomwe zija za kwathu."

NYUMBA YA MASITOLO

Dzuwa litapendeka amalume anafuna kukakonzetsa tayala la lole. Anamsiya mnyamatayo pa nyumba ina yaikulu ya masitolo nati, "Uyende-yende m'menemu, uone zinthu. Ndikabwera tikagula mpira wa anzako, ndipo madzulo tidzaonera kanema."

M'nyumbamo munali mozizira ngati mwezi wa June, ngakhale kunja dzuwa linali kuswa mtengo. Munali makwerero oyenda okha, ndipo mnyamatayo anakwera ndi kutsika kasanu. Pambuyo pace anagula ayisikilimu ndi K20 yace ija. Anaidya pang'onopang'ono, koma inatha.

Pafupi pamenepo panali cipinda ca masewera a makina. Anyamata a msinkhu wace anali kukhala pa mipando nayendetsa magalimoto a m'galasi, akupikisana liwiro. Kusewera kamodzi kunali K10. Mnyamatayo anaima nthawi yaitali akungopenya. Dzanja lace linalowa lokha m'thumba nilikhudza ulusi wa amace. Mumtima anati, "Ndingobwereka K10 yokha. Pa K300, K10 nciani? Wogulitsa mpira adzanditsitsira mtengo." Anadula ulusi ndi mano.

Ulendo woyamba galimoto yace inagunda khoma. Anafuna kuyesanso kuti anyamata a m'tauni aja asamseke, ndipo anasewera kaciwiri, kacitatu ndi kacinai. Poturuka anamva fungo la machipisi ndi soseji, nagula za K35, ngakhale mimba yace inali yokhuta kale. Pakhomo anapeza munthu wogulitsa magalasi akuda. Anawayesa, nadziona pa kalirole ngati mwana wa m'tauni, ndipo anapereka K25. Atakhala pansi kuti awerenge zotsala, mtima wace unagunda ngati ng'oma. Zinatsala K200. Mtolo umene anzace anaumanga caka conse pang'ono pang'ono, iye anaumasula pang'ono pang'ono momwemo m'maola awiri okha.

Amalume atabwera anati, "Tiye tsono tikagule mpira."

Mnyamatayo anayang'ana pansi nati, "Amalume, bwanji tikagule ku Migodi? Kapena kumeneko kuli mipira yolimba."

Amalume anayang'ana magalasi akuda aja, nayang'ananso ulusi wolendewera pa kabudula, koma sananene kanthu. Madzulo analowa m'nyumba ya kanema. Zithunzi zinali zazikulu ngati khoma la chalichi, anthu anali kuseka ndi kuomba m'manja, koma mnyamatayo sanamve kukoma konse. Nkhani ya kanemayo sanaigwire, cifukwa m'mutu mwace munali kuwerenga kokhakokha.

MANDA A AKATSWIRI

Lacinai anayamba ulendo wa kumpoto pa mseu wa Great North Road. Asanaturuke mu Lusaka anaima pa bwalo la mpira la National Heroes, limene linatsegulidwa m'caka ca 2014, ndipo mulowa anthu pafupifupi 60,000. Pambali pace pali bwalo lakale la Independence, ndipo pafupi ndi bwalo limenelo pali manda. Amalume anabvula cipewa, nauza mnyamatayo kuti acotse magalasi ace.

Anamfotokozera kuti usiku wa pa 27 April 1993 ndege imene inanyamula timu ya dziko la Zambia inagwa m'nyanja itangonyamuka mu mzinda wa Libreville, m'dziko la Gabon. Timuyo inali pa ulendo wa ku Senegal kukasewera. Anthu onse 30 amene anali m'ndegemo anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Dziko lonse linalira. Patapita zaka 19, pa 12 February 2012, timu ya Chipolopolo inasewera mpira womaliza wa cikho ca Africa mu mzinda womwewo wa Libreville. Inakomana ndi Ivory Coast, timu ya akatswiri ochuka pa dziko lonse. Nthawi yonse inatha popanda cigoli, ndipo pa mapenate Zambia inapambana 8 kwa 7. Amene anamenya penate yomaliza ndi Stoppila Sunzu, ndipo mtsogoleri wa osewera, Christopher Katongo, ananyamula cikho.

"Anthu agona apawa," anatero amalume, "sanapite ulendo wa iwo eni. Anatumidwa ndi anzao, ndipo anafera pa nchito imene anawatuma. Ndico cifukwa cace anthu sawaiwala."

Mnyamatayo anakumbuka kuti iyenso anali wotumidwa. Anafuna kuulula pomwepo, koma lilime linalemera.

Atayenda makilomita ngati 140 anafika ku Kabwe. Dzina lakale la mzindawu linali Broken Hill. M'caka ca 1921 anthu okumba mgodi kumeneko anapeza cibade ca munthu wakalekale, cimene anthu ophunzira a maiko onse acidziwa. Cinatengedwa kupita ku London. Pakati pa mzinda pali mkuyu waukulu umene apaulendo akale anali kupumulapo. Ku Kabwe ndiko kwao kwa timu ya Kabwe Warriors, imene Godfrey Chitalu anali kusewerera. Mabuku a mpira a dziko lino anena kuti iye anagoletsa zigoli 107 m'caka cimodzi ca 1972. Pa tsiku la ngozi ya ku Gabon iye ndiye anali mphunzitsi wa timu ya dziko, ndipo anafera limodzi ndi anyamata ace. Bwalo la mpira la ku Kabwe lichedwa ndi dzina lace.

Pansi pa mkuyu uja anadya mbatata yootcha ndi kumwa munkoyo, cakumwa conga thobwa cimene acikometsa ndi mizu ya munkoyo. Pokwera lole mnyamatayo anakhalira magalasi ace, nathyoka pakati. Anawataya m'dzala mwakacetecete. K25 ya anzace inathera pomwepo.

Pa Kapiri Mposhi anaona njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa m'caka ca 1975, ndipo ipita mpaka ku Dar es Salaam ku gombe la nyanja yamcere. Madzulo analowa mu Ndola.

KU MIGODI

Lacisanu anagulitsa nsawa mu Ndola. Kuno anthu anali kulankhula Cibemba, ndipo mnyamatayo anaphunzira kupereka moni ndi kuthokoza m'cinenero cimeneco. Anaona bwalo la mpira la Levy Mwanawasa, lotsegulidwa m'caka ca 2012. Anaonanso malo a mtengo wakale umene auti mtengo wa akapolo, cifukwa pansi pace ogula anthu anali kucita malonda ao oipa masiku akale. Madzulo anakhala pa malo ena odyera pamene gulu la oyimba linali kuyimba nyimbo za kalindula ndi magitala ndi ng'oma. Anthu anabvina mpaka fumbi koboo. Amalume anabvina nao, koma mnyamatayo anangokhala, manja ali m'masaya.

Loweruka m'mawa anapita ku Kitwe, mtunda wa makilomita ngati 60. Kitwe ndi mzinda wa mkuwa. Ali patali anaona nsanja za mgodi wa Nkana ndi mulu waukulu wakuda wa zotsalira za miyala yosungunulidwa. Mu mzindawu muli matimu awiri ochuka. Ina ndi Nkana, yobvala zofiira, imene inayamba ndi anthu a pa mgodi. Inzace ndi Power Dynamos, yobvala zacikasu, imene m'caka ca 1991 inatenga cikho ca matimu a mu Africa. Tsiku limenelo kunali mpira masana, ndipo m'miseu munali kale anthu oimba malipenga ndi okupiza mbendera.

Amalume anaimika lole pa sitolo ina nati, "Pano ndi pothera ulendo wathu. Mawa tibwerera. Lowa ugule mpira."

Mwini sitolo anatsitsa mpira wacikopa, woyera ndi wakuda, wolimba bwino. Mtengo wace unali K300. Mnyamatayo anapempha kuti amtsitsire, koma mwini sitolo anakana. Pamenepo anaturutsa ndalama zace naziika pa thebulo, manja akunjenjemera. Misozi inalengeza m'maso.

"Amalume, ndalakwa," anatero. "Ndinadya K100 ya anzanga ku Lusaka. Ndinati ndingobwereka, koma ndiribe pobweza."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anayankha amalume. "Ndinali kulindira kuti unene ndi pakamwa pako. Wacita bwino kunena, koma kunena sikubweza ndalama."

Anaturuka naye panja, namuonetsa cikwama cao. Ndalama za malonda anali atazigawa kale: zina za mafuta a lole, zina za mbeu ndi feteleza wa kumudzi, zina zolipira alimi amene anawatenga nsawa pa ngongole. Padera panali K100 yokha.

"Iyi ndi ya matikiti awiri a mpira wa lero, yako ndi yanga," anatero amalume. "Za mafuta sindingakhudze, cifukwa tingagone panjira. Za mbeu sindingakhudze, cifukwa mvula iri pafupi. Za alimi si zanga, monga momwe zija sizinali zako. Tsono sankha wekha. Tikaonere mpira, ukauze anzako kuti ndalama zao zinacepa. Kapena tigule mpira wao, ife tikhale kunja. Mapanga awiri abvumbwitsa."

Mnyamatayo anamva malipenga akulira ca ku bwalo. Mpira umenewu anali kuulota miyezi yambiri, ndipo sanadziwe ngati adzafikanso ku Kitwe m'moyo wace. Koma anakumbuka mnzace wina wamng'ono amene anatola thonje mpaka zala kucita zironda, napereka K15 yace yonse. Anapukuta misozi nati, "Tigule mpira, amalume."

KUNJA KWA LINGA

Masana amenewo lole yaing'ono ya ku Petauke inaima pansi pa mtengo kunja kwa bwalo. Anthu zikwizikwi analowa pa zipata, koma awiriwa anakhala pamwamba pa matumba opanda kanthu, akudya cinangwa cootcha ndi nsawa zokazinga. Sanaone wosewera ndi mmodzi yemwe. Anangomva wenzulo, ng'oma ndi nyimbo, ndipo nthawi zina mfuu waukulu unali kubuka m'katimo ngati bingu, mbalame nkuuluka m'mitengo. Mfuu uli wonse unamlasa mnyamatayo mumtima. Cimene cinamuwawa koposa ndi kuona amalume ace, munthu wokonda mpira, atachera khutu ku linga cifukwa ca kulakwa kwa mwana.

"Amalume, mukadalowa nokha," anatero.

"Iai. Tinabwera awiri," anayankha iwo. "Tikiti yako unaidya wekha ku Lusaka, imeneyo yatha. Koma yanga uli nayo ngongole. Udzandibwezera ndi khasu: mvula ikagwa udzapalira munda wa agogo ako masiku asanu."

"Ndidzapalira, amalume."

Ana ena a m'komboni anali kusewera cimpombwa pafupi ndi lole. Ataona mpira watsopano anathamangira napempha kuti aumenyeko kamodzi kokha. Mnyamatayo anawalola kuugwira ndi manja, koma anati, "Kumenya iai. Si wanga. Eni ace sanauone." Amalume atamva mau amenewa anamwetulira, nayang'ana kumbali.

KUBWERERA KUMUDZI

Ulendo wobwerera unatenga masiku awiri. Ku Lusaka anapakira mbeu ya cimanga ndi feteleza. Ataoloka mlatho wa Luangwa anaona mitambo yakuda itaunjikana pa mapiri a kum'mawa. Mphepo yozizira inaomba, ndipo asanafike pa Kacholola madontho akulu-akulu anayamba kugwa pa galasi la lole. Fungo la dothi lonyowa linalowa pa zenera. M'minda ya m'mbali mwa mseu anthu anali ataturuka kale ndi makasu ndi mbale za mbeu.

Anyamata a m'mudzi anamcingamira ku njira, mvula iri pamsana. Mpira unayenda m'manja mwa onse, wina kuununkhiza, wina kuufinya, wina kuuika pamutu. Pambuyo pace anamzinga ndi mafunso. Anawauza za mlatho wa zingwe, za makwerero oyenda okha, za cikanda ndi munkoyo, za manda a akatswiri ndi za mulu wakuda wa ku Kitwe. Potsiriza wamng'ono uja anafunsa nati, "Nanga mpira wa akatswiri unauona?"

Mnyamatayo akadatha kunama, pakuti panalibe wina wa iwo amene anali ku Kitwe. Koma anati, "Sindinauone. Ndinaumva ndi makutu ndiri kunja kwa linga." Ndipo anawafotokozera zonse, osabisa kanthu. Ena anakwiya, ena anaseka za magalasi othyoka. Atakambirana anagwirizana kuti iye akhalebe mtsogoleri wao, ndipo mpira uzigona m'nyumba ya amace. Amai ace sanamkalipire. Anangotenga singano nasoka thumba lija.

Sabata lotsatira anthu opita kudambo anali kumuona m'munda wa agogo ace m'mamawa, ali weramu ndi khasu. Anapalira masiku asanu osajomba. Madzulo ace anali kupita ku bwalo, kumene anyamata, ndi atsikana omwe, anali kuthamangitsa mpira wacikopa pa udzu wongophuka kumene.

Ana inu, kuyenda nkwabwino, pakuti woyenda aona zimene wokhala pakhomo angozimva. Mizinda iri ndi zokondweretsa zambiri, ndipo kuziona si chimo. Koma zonsezo nzogula, ndipo ziitana ndalama iri yonse imene iri m'thumba, osafunsa mwini wace. Tsiku lina inunso mudzatumidwa ndi ndalama za sukulu, za mpingo, za mudzi kapena za boma. Pa tsikulo mudzakumbukire kuti mnyamata wa kwa Nyalugwe sanayambe ndi K100. Anayamba ndi K10, ndi mau akuti, "Ndingobwereka."

MAFUNSO

1. Chulani mizinda ndi malo amene lole inapitamo kucokera pa Kacholola kukafika ku Kitwe.
2. Kodi amalume anatanthauzanji ponena kuti mzinda ulibe munda?
3. Werengani ndalama za anzace zimene mnyamatayo anaononga, cimodzi-cimodzi.
4. Cinacitika nciani mu mzinda wa Libreville m'caka ca 1993 ndi m'caka ca 2012?
5. Cifukwa ninji amalume sanalowe okha m'bwalo la mpira?